Zidutswa za chitenje musazisiye kwa atelala

Amayi anzanga, ndi abambo omwe, mukakasoketsa chitenje muziitanitsa zidutswa zotsala. Nsalu ija munagula ndi ndalama zanu, ndipo zimandipweteka kuona ikusesedwa pakhonde la sitolo n'kukatayidwa kudzala.

Sabata ino ndamaliza chikwama cha mwana wanga chonyamuliramo makope, chonsecho ndi zidutswa zokhazokha. Choyamba ndimazichapa m'madzi ozizira, chifukwa nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba, ndipo zina zimasuluka n'kudetsa zinzake. Zikauma ndimasita bwinobwino, kenako ndimadula timagawo tofanana, masentimita 12 mbali zonse, n'kusiya sentimita 1 ya msoko. Apa m'pamene ambiri amathamangira. Mukadula mwachisawawa, ngodya sizikumana ndipo chikwama chimapendama. Msoko uliwonse muziusita musanalumikize mzere wina.

M'kati ndinaikamo jinzi yakale ya pakaunjika kuti pansi pasaboke msanga. Pa chitenje singano ya nambala 14 imakwana, koma mukafika pa jinzi sinthani muike ya 16, apo ayi ithyoka pamene pakumana misoko. Makina anga ndi Singer yopalasa ndi mapazi, ndiye magetsi akathima ntchito siyiima.

Tizidutswa ting'onoting'ono tosasokeka timapanga chopondera pakhomo: mumatilowetsa m'timabowo ta thumba la chimanga n'kumanga mfundo, mothithikana. Ana amaikonda ntchito imeneyi.

Amene mulibe makina, singano yamanja ndi ulusi wopinda pawiri zimasokanso chikwama chotere, bola pazogwirira mubwereze msoko katatu.