Tsiku lachisanu chivundikireni koko wathu ku Kyela

Lachinayi, usiku

Ndikulemba izi manja akadanunkha. Ndasamba kawiri ndi sopo koma fungo lowawasa lija, lokhala ngati la thobwa logona masiku atatu, silikuchoka. Ndi fungo la koko amene wavundikidwa bwino, ndipo pano ndayamba kulikonda.

Patha milungu itatu chiwolokereni mtsinje wa Songwe pa Kasumulu kudzagwira ntchito yongodzipereka ndi gulu la amayi la kuno. Kuchokera ku Karonga si patali ayi, ndipo Chinyakyusa chawo n'chapachibale ndi Chinkhonde, moti mawu amene ndinatola ndikuphunzitsa ku Karonga akundiombola. M'mawa uliwonse ndi “Ugonile” basi, kenako Chiswahili changa chothyokathyoka. Anthu ambiri kwathu amadziwa Kyela chifukwa cha mpunga ndi zitenje, koma boma limeneli ndi limene limatulutsa koko wochuluka m'Tanzania muno. Mitengo yake sumaiwona msanga. Imabisala pansi pa nthochi ndi migwalangwa kuseri kwa nyumba, zipatso zake zili lendelende pathunthu penipeni, zina zachikasu, zina zofiirira.

Ntchito yanga ndi yolemba m'kaundula: kulemera kwa njere za mayi aliyense, tsiku lolowa m'bokosi lovundikiramo, kutentha kwake. Zina zonse amandiphunzitsa ndi iwowo.

Tinafika pa shedi 6 koloko. Titachotsa masaka ndi masamba a nthochi pa bokosi loyamba, nthunzi inatuluka ngati tavundukula mphika. Kachipangizo kanga koyezera kutentha kanawerenga madigiri 47. Agogo amene amayang'anira mabokosi sanadikire n'komwe kuti ndiwauze. Anapisa dzanja mpaka m'chigongono, n'kunena kuti, “Mwanangu, ameneyu wapsa. Mawa atuluke.” Anatola njere imodzi, kuidula pakati ndi kampeni, n'kundiyandikizira kumaso. Mkati munali mofiirira ngati dothi lonyowa, muli timing'alu timing'alu. Anatenganso ina ya mulu wosavundika: yosalala, yolimba, yotuwa ngati mwala. Ndinaluma zonse ziwiri. Yachiwiriyo inandimanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa.

Nkhani yonse ya koko yagona pamenepa. Chipatso chimodzi chimakhala ndi njere 30 kapena 40, zokutidwa ndi mnofu woyera wotsekemera umene ana kuno amaupsipa ngati masuku. Ukaziunjika n'kuzifunditsa, shuga uja amasanduka mowa, mowawo n'kusanduka viniga, ndipo kutentha ndi kuwawasako kumapha njere n'kuyambitsa fungo la chokoleti. Zimafuna masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, kutembenuza pakapita masiku awiri, kenako sabata yathunthu pathandala padzuwa mpaka chinyezi chitsike kufika pa 7 peresenti. Ukadumpha pamenepa, ngakhale ukazinge mwaluso bwanji, chokoleti sichibwera.

Bokosi lachitatu ndi limene linandidetsa nkhawa. Dzulo linali lodzaza, lero lapunguka pafupifupi theka, ndipo lazizira. Mulu ukachepa sugwira kutentha. Panali zii kwa kanthawi, kenako mayi wina wachitsikana anayankhula maso ali pansi. Mwana wake anatentha thupi usiku wa Lachiwiri, m'nyumba mulibe ndi shilingi yomwe. Anabwera dzulo madzulo kudzatapa gawo lake n'kukagulitsa kwa mavenda a njinga, amene kuno amawatcha njemke. Iwo amagula njere zaziwisi, ndalama pompopompo, koma mtengo wake ndi wozizira.

Ndinayembekezera mkangano. Wapampando anangofunsa kuti, “Nanga mwanayo wadzuka bwanji?” Atamva kuti wayamba kudya, anati tiphatikize zotsalazo ndi za bokosi lachiwiri, tifunditsenso. Kenako tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Zimene zinakambidwa pamenepo ndi zimene ndikuona kuti n'zofunika kuposa maphunziro onse amene ine ndabwera nawo m'chikwama. Amayiwa amadziwa kuvundika kuposa ine. Chimene chimawavuta n'kudikira. Koko wouma amapita ku chama chawo cha alimi, kuchoka apo kunkhokwe, kenako ku okushoni, ndipo ndalama imafika patapita masiku. Matenda a mwana sadikira zimenezo. Mu 2024 mtengo wa koko pamsika wa dziko lonse unadutsa madola 10,000 pa tani, chifukwa zokolola zinavuta ku Côte d'Ivoire ndi Ghana, mayiko amene amalima koko woposa theka la wapadziko lonse. Koma mtengo wabwinowo umapeza yekhayo amene ali ndi podalira pa milungu iwiri ija yovundika ndi kuumitsa.

Gululi lili kale ndi banki m'khonde, kuno amati VICOBA. Agwirizana kuti thumba la zadzidzidzi lizibwereka membala aliyense amene njere zake zili m'bokosi, popanda chiwongoladzanja, adzabweze koko akagulitsidwa. Ine ndangowonjezera mzere umodzi m'kaundula.

Masana tinapanga chokoleti ndi makilo awiri a njere za mwezi watha. Tinakazinga m'chiwaya pa mbaula, moto wochepa, kutakasa osaleka mpaka zinayamba kuthetheka. Fungo lake linakoka ana a sukulu ochokera kumsewu. Kukonola makoko ndi kupeta m'lichero kunatha mwachangu, poti manja amenewa anakulira pa mpunga. Makina athu aang'ono opera ndi miyala anangozungulira ola limodzi magetsi n'kuthima, choncho tinabwerera ku mtondo. Apa m'pamene pamakhala chodabwitsa: umasinja chinthu chouma, koma pang'onopang'ono chimayamba kunyezimira, kenako kuyenderera, pakuti pafupifupi theka la njere ya koko ndi mafuta. Tinathira shuga wosinja, kugawa m'timbale, n'kukhazika pamwamba pa mtsuko wa madzi ozizira, kusamala kuti dontho ngakhale limodzi lisagweremo chifukwa madzi amachiumitsa nthawi yomweyo.

Sichinatuluke chosalala. Pa lilime chimamveka mchengamchenga, ndipo chifundizi cha m'mbali mwa nyanja kuno sichinachilole kuuma bwino. Koma kukoma kulipo, kowawasira pang'ono ngati chipatso. Agogo aja analawa, kukhala chete, kenako anati, “Uyu ndi wa bokosi la pakona uja tinamutembenuza katatu.” Ndinatsegula kaundula. Analidi yemweyo.

Mayi wa mwana wodwala uja tamukulungira kachidutswa m'tsamba la nthochi kuti akampatse akapeza bwino. Mawa tidzuka 5 koloko kukatulutsa bokosi loyamba, ndipo pakufunika kusoka pepala la pulasitiki lofunditsira thandala, poti mitambo yayamba kuunjikana pa mapiri a Livingstone.