Ngozi yanga ya ku Germany

Ndakhala ndikuyendetsa galimoto zaka 22. Ndinayamba ndi minibasi ya Limbe-Zomba, kenako lole ya feteleza, pano ndimayendetsa mabwana. Khwekhwerere ndatsika usiku mvula ikuvumba, Chiweta ndakwera nditasenza matumba mpaka pamwamba, koma sindinagundepo kanthu, kupatula nkhuku ina ya pa Namadzi imene inachita kudzipereka yokha. Ndiye munthu akandifunsa za chipsera chili pachipumipa, ndimayamba ndaunguza kaye ngati pafupi pali mwana aliyense wa mlongo wanga.

Unali mwezi wa Ogasiti, chinkhoswe cha mwana wamkazi wamkulu wa achemwali anga ku Chilomoni. Ine monga malume, mwinimbumba, ndinafika Lachinayi, suti ili m'pepala lake. Ndikulowa pabalaza ndinapeza chiwongolero chili patebulo lodyera, galimoto yake palibe. Mchimwene wake wa mkwatibwi, amene amagwira ntchito ku Joni, anali atabweretsera mng'ono wake makina a gemu a PlayStation 5 ndi chiwongolero cha Logitech G29. Anachimanga m'mphepete mwa tebulo ndi tizomangira tiwiri tapulasitiki, pansi n'kuyika zopondera zitatu, kilatchi, buleki ndi moto, ndendende ngati za galimoto yeniyeni. Mphwanga wa zaka 14 anali atakhala pamenepo, lilime lili panja, akuthamangitsa galimoto yofiira pa TV.

Ndinaseka. Ndinamuuza kuti ife tinkapanga magalimoto a mawaya, chiwongolero chake cha bango, ndipo ankatifikitsa kudambo.

"Malume, iyi si gemu wamba," anatero. "Iyi ndi Gran Turismo 7. Kuli munthu wa ku Britain, Jann Mardenborough, anayambira pa Gran Turismo yakale. Mu 2011 anapambana mpikisano wa GT Academy, a Nissan n'kumupatsa galimoto yeniyeni, mpaka anakathamanga pa mpikisano wotchuka wa Le Mans ku France."

"Ameneyo angatsike Khwekhwerere ndi matumba 300?"

Sanayankhe. Anangodzuka pampando n'kuloza kuti ndikhalepo.

Chimene chinandinyenga n'choti galimoto zoyambira nazo mu gemuyi ndi zathu zomwezi, zodzadza pamsewu wa Chipembere: Honda Fit, Toyota Aqua ndi Mazda Demio. Muli ngakhale mayeso a laisensi. Oyambirira enieni ndi opepuka moti n'chipongwe kuwapereka kwa munthu wamkulu. Amakupatsa Demio, msewu wowongoka wopanda mbuzi, wopanda wakabaza, wopanda dzenje. Uponde moto, ukaime m'kati mwa malo amene alemba kutsogoloko. Ukafulumira amakupatsa chikho chagolide, ukachedwako chasiliva, ukachedwa ndithu chamkuwa. Ndinavula jekete, ndinakwinya malaya, n'kuponda.

Ndinapitirira malo oimapo ngati minibasi yodzadza ikudutsa siteji.

Kachiwiri ndinaima kutali, malowo ndikuwaonera patsogolo. Kachitatu ndinafuna kuliza hutala, ndinamenya pakati pa chiwongolero, zii. Ndinafuna indiketa, ndinakoka kachitsulo ka kuseri kwa chiwongolero, mphwanga akuti kameneko n'kosinthira magiya. Ulendo wachisanu ndi chiwiri ndinapata chamkuwa, ndipo ndinatembenuka kuti anthu aone. Apo n'kuti kamlongo kake ka zaka 9 kakubwera ndi pilo. Kanakhala pamphepete penipeni pa mpando, osavala nsapato, chala chachikulu chakuphazi chokha n'chimene chinkafika pa buleki. Kanatenga chagolide kakutafuna chimanga chokazinga.

"Malume, kodi laisensi yanu ija ndi yeniyeni?"

Achemwali anaseka kukhitchini mpaka kutsokomola. Alamu anabisa nkhope m'nyuzipepala, koma nyuzipepalayo inkagwedera.

Pano ndidziteteze pang'ono, poti nkhaniyi ndaiganizira masiku ambiri. Dalaivala weniweni samayendetsa ndi maso okha. Galimoto timaimva ndi matako. Ukaponda buleki thupi limapita kutsogolo, lamba amakugwira pachifuwa, msana umadziwa wokha kuti matayala atsala pang'ono kutsetsereka. Mu gemu zonsezo palibe. Mpando uli duu, nyumba ili duu, liwiro la 150 likuoneka ngati 60. Zonse zimene galimoto ikumva amazitumiza m'manja: ukakwera kamwala ka m'mphepete chiwongolero chimanjenjemera, matayala akutsogolo akataya msewu chimapepuka mwadzidzidzi. Ana aja anaphunzira kumva ndi manja. Ine makutu anga ali kumene ndakhalira, ndipo kumeneko kunalibe uthenga uliwonse.

Madzulo anandiyesanso pa njinga zamoto, gemu ya MotoGP. Anandisankhira KTM ya Brad Binder wa ku South Africa, nambala 33, n'kundipatsa kogwira m'manja kaja. Akuti buleki yakutsogolo ili payokha, yakumbuyo payokha, ndipo njinga uyambe kuigoneka kona isanafike. Ine ndinkagoneka thupi langa. Njinga inkapita molunjika mumchenga, Binder n'kumagubuduka, ine nditapendekeka mpaka phewa kukhudza agogo awo a anawa amene ankasankha mpunga pambali. Ndinagwa kasanu ndisanamalize kuzungulira kamodzi. Kuyambira tsiku limenelo akabaza ndimawapatsa ulemu pang'ono, pang'ono pokha.

Lachisanu tsiku lonse tinali pa zokonzekera. Anabweretsa mipando yapulasitiki yahayala n'kuiunjika pakhonde. Mipando yamatabwa ya patebulo anaitengera kutenti kuti akakhalepo akuchimuna. Amayi a kumpingo anaphika thobwa, ndipo ndowa imodzi yaikulu, yofunika kwambiri, ya alendo olemekezeka, anaiika kumapeto kwa tebulo lodyera lija n'kuiphimba ndi chitenje kuti ana asaiyandikire. Pambali pake panali beseni la mandasi. Ine ndinagonekedwa pabalaza pompo, pamatiresi, poti zipinda zonse zinali zitadzadza azakhali.

Tulo sitinabwere. Funso la kamwana kaja linkandizungulira m'mutu ngati udzudzu.

Cha m'ma 1 koloko ndinadzuka mwakachetechete, nditavala kabudula wogonera ndi vesiti. Ndinatenga mpando umodzi wapulasitiki pakhonde. Ndinayatsa makina aja monga ndinaonera.

Palibe anandiuza kuti chiwongolero chimenechi chikangolandira magetsi chimadzizungulira chokha. Mumdima muja, nyumba yonse ili zii, chinayamba kupota kumanja mpaka kumapeto, n'kubwerera kumanzere, chikulira ngati chigayo chaching'ono, kenako n'kuima pakati, ngati pali munthu wosaoneka wakhala pampando. Ndine mkulu wa mpingo, koma zimene ndinatchula pamenepo si za m'buku la nyimbo. Ndinaima kuseri kwa sofa mphindi zingapo ndikudikira kuti chichitenso. Mawa lake mphwanga anandiuza kuti chimakhala chikudziyeza, kufuna kudziwa pakati pake. Ine usiku umenewo ndinachiyandikira chammbali ngati galu wa eni.

Nditalimba mtima ndinavala mahedifoni kuti ndisadzutse anthu. Mayeso a Demio ndinawasiya, ndinati ameneyo ndi msampha wa ana. Munthu wa misewu yamapiri apatsidwe msewu wamapiri. Masana ndinamva anyamata akutchula Nürburgring ndi mantha, ndiye ndinaufufuza mpaka ndinaupeza. Ndi msewu weniweni wa ku Germany, m'mapiri a Eifel, unatsegulidwa mu 1927. Mbali yake yotchedwa Nordschleife ndi yotalika makilomita 20.8, pafupifupi kuchoka m'tauni ya Blantyre kukafika ku Lunzu, koma yonseyo ndi makona, zitunda ndi zigwa m'kati mwa nkhalango. Katswiri wa mipikisano ya galimoto Jackie Stewart anautcha gehena wobiriwira. Katswiri wina, Niki Lauda, anapsa pangozi komweko mu 1976. Zonsezi ndinazimva pambuyo. Usikuwo ndinangoona kuti ndi Khwekhwerere ya azungu, ndipo ndinasankha Nissan GT-R.

Anthuni, zinandikomera. Poti ndinali ndekha wopanda wondiseka, ndinayenda mwaulemu, monga ndimachitira ndikanyamula bwana. Makona oyamba ndinawadutsa ndikukhudza udzu pang'ono chabe. Injini inkabangula m'makutu, mitengo ikudutsa, chiwongolero chikundiluma m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayamba kumva zimene chikunena. Pachitunda china galimoto inapepuka ngati ikufuna kuuluka, mtima wanga unakwera kukhosi ngakhale ndinali pampando wahayala. Ndinayamba kuilankhula galimoto ija monga ndinkachitira ndi lole. "Tiye mwanawe! Gwira pamenepo! Usandichititse manyazi!" M'mahedifoni munthu sudzimva. Ine ndinkayesa ndikunong'ona.

Kenako msewu unatsika chigwa chachitali chimene amachitcha Fuchsröhre. Phazi linaiwala ulemu. Manambala anadutsa 200. Ndinafika pansi, ndinakwera mbali inayo, ndipo kuseri kwa chitunda msewu unangothyoka kumanzere, malo otchedwa Adenauer Forst, amene akuti agwetsa anthu ambiri anzeru kuposa ine. Zaka 22 zonse zinathamangira m'mwendo wakumanja. Ndinaponda buleki monga umapondera mwana akadumphira mumsewu.

Buleki ya G29 ndi yolimba. Pansi panali matailosi. Ine ndimalemera makilogalamu 96. Zopondera zinathawira kutsogolo, mpando unathawira kumbuyo, miyendo yake iwiri yakumbuyo inatambasuka ngati mbuzi yaterereka pamatope, umodzi n'kuthyoka kuti phwa! Munthu ukamagwa umagwira chimene chili m'manja. M'manja mwanga munali chiwongolero, ndipo chiwongolero chinali chomangidwa bwino kwambiri patebulo.

Ndinagwa chagada tebulo likunditsata. Ndinaona beseni la mandasi likubwera, ndinaona chitenje chikuuluka, kenako mkombero wa ndowa unandipeza pachipumi kuti kho! Thobwa lonse la alendo olemekezeka linandikhuthukira kumaso, m'mphuno, m'makutu, m'vesiti. Chiwongolero chinali pachifuwa panga chikugwedezekabe, poti kutali ku Germany galimoto inali ikumenya zitsulo za m'mphepete.

Akuti ndinakuwa kuti, "Mayo ndafa! Mabuleki!"

Alamu anali atadzuka kale ndi mawu aja a "gwira pamenepo", ndipo anali kuseri kwa chitseko ndi chikwanje akuganiza kuti akuba akunyamula mipando yahayala. Atamva chiphokoso achemwali analiza mfuu pawindo. Aneba anaimba wenzulo. Agalu a Chilomoni yense anayankha. Pamene magetsi ankayatsidwa pakhomo panali amuna asanu ndi zibonga, m'kati azakhali anayi atafunda zitenje, onse akuyang'ana mwinimbumba ali gone pansi m'kabudula wamaluwa, woyera ndi thobwa kuyambira kumutu, mandasi atamuzungulira, mahedifoni ali m'khosi.

Palibe analankhula. Agogo aja anayandikira, anawerama, n'kundiyang'anitsitsa. "Ndi magazi amenewa kapena ndi chimera?"

Zinali zonse ziwiri. Alamu ananditengera kuchipatala pa Demio yawo yeniyeni, ine nditakhala kumbuyo pa thumba la saka kuti ndisaipitse mpando. Namwino atafunsa chimene chachitika, alamu anati ngozi ya galimoto. Atafunsa za lipoti la kupolisi, alamu anatuluka panja, ndipo ndinkawamva akuseka pafupi ndi mpanda. Anandisoka katatu.

Tikubwerera cha m'ma 4 ndinapeza amayi asonkha kale moto kuseri, akuphikanso thobwa lina mothamanga. Palibe anandipatsa moni. Achemwali anangonena mawu amodzi osanditembenukira: "Achimwene, mpandowo ndi wahayala."

Chinkhoswe chinayenda bwino, tambala ndi thadzi zinasinthana manja, ine ndinalankhula mawu a malume nditamata bandeji pachipumi ngati chidindo. Thobwa linali lozizira m'kamwa, losapsa, ndipo aliyense amene ankalimwa ankayang'ana ine. Cholakwika chinachitika pa nthawi ya perekaniperekani. Nkhoswe ya kuchimuna, bambo aulemu wawo ochokera ku Ntcheu, anafunsa kamwana ka golide kaja kuti amalume atani pamutupo. Iko kanayankha zoona zokhazokha: "Achita ngozi ku Germany. Amathamanga 200."

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira tenti yonse. Ena ankati kampani inandituma kukatenga galimoto ya bwana. Ena ankati ndinagona m'chipatala cha azungu sabata ziwiri ndipo ndinachita kuthawamo kuti ndisaphonye chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga. Woyendetsa mwambo ananditchula pa maikolofoni kuti "malume athu a ku Germany", n'kundiitana katatu kuti ndikaponye ndalama, poti munthu wobwera kunja sangaponye ma K200. Ndalama yanga yobwerera inathera m'lichero momwemo, ndipo alamu ndiwo anandibwereka ya basi, kuwonjezera pa ya mpando.

Nditafika kwathu Lamulungu ndinapeza mayi a kunyumba atakhala pakhonde, foni ili m'manja, nkhope ili gwa. Sanandilandire chikwama. Anandiyang'ana bandeji, anandiyang'ana nsapato, kenako anati, "Bambo a ana, pasipoti munapangitsa liti?"