Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Tsiku Limene Makina Anandigwira

Gawo lapitali tinalekezera pomwe ndinaloledwa kulowa mu labu ya mapuloteni. Ndisabise, ndinalowamo ndi matama. Ndinali nditaloweza kuti ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu, Human Genome Project, inayamba mu 1990 n'kutha mu 2003, ndiye mumtima ndinkati akuluakulu anakolola kale, ife tangotsala ndi kukunkha.

Tsiku loyamba, mayi amene ankatiyang'anira anandifunsa kuti, "Munthu ali ndi majini angati opanga mapuloteni?" Majini ndi tizigawo ta DNA tosunga malangizo a kapangidwe ka zinthu m'thupi.

"Pafupifupi 20,000, mayi."

"Nanga kanyongolotsi kaja, C. elegans?"

Ndinangoti kukamwa yasaa. Nako kali ndi pafupifupi 20,000 omwewo, kanthu kotalika milimita imodzi, ka maselo ngati 1,000 basi. Ndipotu asanawerenge, asayansi ambiri ankayembekezera kuti munthu apezeka ndi majini 100,000.

"Ndiye iwe ukusiyana nako pati?" Anandisiya choncho n'kumapita.

Yankho ndinalitola pang'onopang'ono. Jini limodzi silibereka puloteni imodzi yokha. Uthenga ukakoperedwa kuchoka mu DNA kupita mu RNA, yomwe imanyamula uthengawo kukapangira puloteni, selo limadula zigawo zina n'kulumikiza zotsalazo mosiyanasiyana, ndipo majini athu ambiri amatero. Kantchentche kokonda zipatso kali ndi jini lotchedwa Dscam, lomwe palokha lingathe kutulutsa mitundu 38,016 ya puloteni, kuposa chiwerengero cha majini onse a kantchentcheko! Puloteni ikapangidwa, nkhani sithera pomwepo. Selo limaimata kamchere kotchedwa phosphate kuti iyambe kapena ileke ntchito, limaipachika timashuga, mwinanso kuidula. Insulini imayamba ngati chingwe chimodzi chachitali, kenako kapamba amachidula n'kutsala tizingwe tiwiri, tonse pamodzi tili ndi ma amino acid 51, omwe ndi tizidutswa topangira puloteni. DNA ya m'chiwindi changa ndi ya mu ubongo wanga ndi imodzimodzi, koma mapuloteni ake ndi osiyana, ndipo amasintha ndikagona, ndikathamanga, ndikadwala. Mbozi ndi gulugufe amene idzakhale ali ndi DNA yomweyo. Gulu lonseli la mapuloteni Marc Wilkins analipatsa dzina loti proteome mu 1994.

Koma chomwe chinandithyola mapiko si za m'mabuku ayi. DNA ikachepa umaichulukitsa ndi njira yoikopera kambirimbiri yotchedwa PCR. Puloteni ilibe zimenezo, yomwe uli nayo ndi yomweyo. Ndinapatsidwa madzi a m'magazi kuti ndifufuzemo timapuloteni tosowa, ndipo mmenemo mapuloteni oposa theka ndi a mtundu wotchedwa albumin yokhayokha, imaphimba tinzake tonse. Ndinatha masabata atatu ndikuichotsa, ndikusefa, ndikudontheza timadontho m'timachubu mpaka msana kuwawa. Titaika mu mass spectrometer, makina ozindikira mapuloteni poyeza kulemera kwa tizidutswa tawo, ndinaima kumbuyo kwa mpando wa mayi aja mtima uli phaphapha.

Mndandanda unatuluka pakompyuta. Mzere woyamba, keratin. Wachiwiri, keratin. Wachitatunso.

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Unakanda m'mutu utavala magolovesi?"

Ndinakumbukira bwinobwino. Linali Lachinayi masana, kunkatentha, ndipo ndinakandadi. Keratin ndiye puloteni ya tsitsi ndi khungu. Masabata atatu onsewo makina anapeza mfundu zanga.

Sanakalipe. Anatsegula kabati, anatulutsa kachipewa kophimba tsitsi ndi bokosi la magolovesi atsopano, n'kunena kuti, "Lolemba uyambirenso."