Mgwalangwa wanga wa kuseri kwa nyumba ku Leeds

Aliyense wakumudzi akabwera kudzacheza kunyumba kuno funso lake ndi lomwelo, kodi mgwalangwawu ukupirira bwanji chisanu cha ku England? Dzina lake ndi Trachycarpus fortunei, kuno amangoti Chusan palm, kwawo ndi ku China kumadera ozizira, ndipo dzina loti fortunei linachokera kwa Robert Fortune, munthu wa ku Scotland amene anatumiza mitengoyi kuno m'zaka za m'ma 1840. Ukakula umapirira kuzizira mpaka madigiri 15 pansi pa ziro.

Ine chinandikoka ndi masamba basi. Amatambasuka ngati a mlaza uja agogo ankalukira mikeka ndi zipewa ku Mangochi, tsiku lomwe ndinauona pamalo ogulitsira maluwa mtima unangoti thi ndipo ndinaunyamula osaganizanso kawiri.

Koma abale, chimene chimapha mtengowu si kuzizira kwenikweni ayi, ndi madzi. Ndinaudzala pakona pamene dothi lake ndi lamakande, mvula ikagwa madzi amangoti tayale osalowa pansi, ndiye mu Disembala 2022 kutazizira koopsa kuja tsamba lapakati lomwe limaphuka latsopano linada, nditalikoka pang'ono linangozuka lowola. Ndinadandaula kwambiri. Ma cordyline a anthu oyandikana nawo, aja anthu amawayesa migwalangwa pomwe si migwalangwa, ambiri anagweratu chaka chimenecho. Wanga sindinaudule, ndinangouvundikira pamwamba kuti mvula isamalowe pakatipo, kenako mu Juni ndinaona kansonga kobiriwira katulukira. Misozi inalengeza ndithu.

Chaka chotsatira mu Meyi ndinausamutsa, ndinaunjika dothi ngati mzere, nkusakaniza ndi timiyala ndi kompositi, pafupi ndi mpanda poti mphepo nayo imang'amba masamba mpaka kuoneka ngati sanza. Ngati kwanu kumawomba mphepo kwambiri funani mtundu wina wa mgwalangwawu wotchedwa wagnerianus, masamba ake ndi aang'ono komanso olimba.

Umakula pang'onopang'ono, osaufulumizitsa ndi feteleza nthawi yozizira. Ulusi wabulauni wa pathunthu paja musasende, ndi chovala chake, ku China amapotera zingwe ndi kupangira matsache. Wanga ukadali waufupi kuposa ine, sunayambe kutulutsa maluwa achikasu aja, ndiye sindikudziwabe ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, ndikudikira.