Funso limene ndinachedwa kulifunsa: chinkamuvuta n'chiyani?

Anzanga amene tikuphunzira limodzi zauphunzitsi, mtima wanga wakhala pansi tsopano. Mutu uja wa anthu otulukira zinthu wandisowetsa tulo milungu itatu, koma sabata ino ndaugwira. Za kalembedwe ka zolinga za phunziro ndi kaikidwe ka ana m'magulu sindinenapo, mukuzidziwa kale.

Poyamba ndinkachita zimene nane ndinachitiridwa ndili mwana. Pa bolodi: Alexander Graham Bell, telefoni, 1876. Thomas Edison, babu, 1879. Wilbur ndi Orville Wright, ndege, 1903. Ana n'kukopera, n'kuloweza, n'kubwereza mokuwa mpaka kalasi yoyandikana nayo kudandaula. Kuwafunsa mawa lake, Bell ndiye wauluka pa ndege, Edison ali pa foni. Kamtsikana kena kanachita kundifunsa ngati anthu amenewa anali amatsenga. Ndinaseka, koma zinandikhudza, poti ndi mmene ndinawaonetsera ndithu: munthu wangodzuka m'mawa, babu lili m'manja.

Amene ananditsegula m'maso ndi Louis Braille. Ndinkawerenga mbiri yake usiku pofuna chaka choti ndilembe pa bolodi basi. Anabadwa mu 1809 ku France. Ali ndi zaka zitatu anadzibaya m'diso ndi chida cha bambo ake, amene ankasoka zinthu zachikopa, ndipo matenda atafalikira maso onse awiri anasiya kuona. Ku sukulu ya ana osaona ku Paris anapeza mabuku a zilembo wamba zikuluzikulu zotukuza papepala, olemera, ochedwetsa kuwerenga. Panalinso njira ya Charles Barbier ya timadontho tofika 12 pa chizindikiro chimodzi, moti nsonga ya chala sinkatha kutikhudza tonse nthawi imodzi. Braille anatichepetsa n'kukhala 6, mizere iwiri ya titatutitatu, kuti chala chikangotera chimve chilembo chonse. Munali mu 1824, iye ali ndi zaka 15.

Apa ndinaika buku pansi. Chaka chija ndinachipeza, koma chinalibenso ntchito kwenikweni. Nkhani yonse yagona pa kukula kwa nsonga ya chala. Mnyamatayu chinamuvuta chinthu, n'kukhala nacho pansi. Ine ndinkapatsa ana yankho la funso limene sanalimvepo n'komwe.

Ndiye Lachiwiri sindinatchule dzina la munthu. Ndinagawa zidutswa za katoni ndi mabolopeni otha inki, n'kunena kuti aliyense alembere mnzake liwu limodzi loti aliwerenge atatsinzina. Onse anathamangira kukanda zilembo zimene amazidziwa. Mpungwepungwe unayambira pomwepo: O ndi D chala sichisiyanitsa, M ndi N ndiye kaya. Anakangana, ena anasuzumira mwakuba. Kenaka gulu lina lakumbuyo, la ana amene nthawi zambiri satukula dzanja, linayamba kubowola timabowo: kamodzi ndi A, tiwiri ndi B. Atafika pa chilembo cha nambala 10 anaona okha kuti timabowo tachulukitsa, kuwerenga kwake n'kotopetsa. Pamenepo m'pamene ndinati, "Vuto lanu lomweli linamupezapo mnyamata wina." Kalasi inangoti zii. Funso loyamba linali lakuti anali ndi zaka zingati, ndipo nditati 15 wina anati, "Ngati achimwene anga!"

Chiyambire tsiku limenelo ndikuona funso lomweli paliponse. Mary Anderson ali ku New York anaona woyendetsa galimoto yapanjanji akuvutika kuona kutsogolo chifukwa cha chipale chomata pagalasi, ndipo mu 1903 analembetsa chopukutira galasi choyendetsa ndi dzanja uli m'kati. Abale a Wright ankakonza njinga, ndipo asanauluke ulendo wawo woyamba wa masekondi 12 anayesa timapiko tambirimbiri m'bokosi lopemereramo mphepo limene anapanga okha. Ngakhale Edison yemwe: babu silinayambe ndi iye, Joseph Swan ku England ankalimbana nalonso nthawi yomweyo, mpaka makampani awo anaphatikizana mu 1883. Mutu unkawawa ndi kaulusi ka m'kati kamene kankapsa msanga. Ka thonje kotentheratu kanayaka maola oposa 13, kenaka ka nsungwi kanapitirira maola 1,200. Ana akamva za nsungwi amadabwa kuposa akamva za chaka. Ine ndafika pokhulupirira kuti palibe njira ina yophunzitsira mutuwu yoposa iyi. Vuto patsogolo, dzina pambuyo. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanang'amba masamba onse a mayina ndi zaka aja.

Koma nthawi, abale! Phunziro la katoni lija linadya mapiriyodi awiri, ndipo mphunzitsi wa phunziro lotsatira anaima pakhomo akuyang'ana wotchi, nkhope itagwa. Aphunzitsi athu odzatiyendera anakhala kumbuyo, n'kulemba pa pepala langa kuti ana ankachita phokoso ndipo sindinamalize zimene ndinakonza. N'zoona sindinamalize. Chimene chinandinyansa n'chakuti m'kalasi mwawo ndi iwo omwe amatiuza tsiku ndi tsiku kuti mwana azitulukira yekha, koma mwana akayamba kutulukiradi amafuna atulukire mwakachetechete, m'mphindi zisanu, asanafike pa ndime yachitatu ya pulani. Zaka zonsezi palibe anandiuzapo kuti ndiyambire pa vuto. Ndinachita kukazitola ndekha usiku, maso akuwawa.

Pali china chikundisautsa, ndisabise. Dzulo pokonzekera phunziro lina ndinakumana ndi anthu awiri amene sakulowa m'kanjira kanga. George de Mestral wa ku Switzerland, mu 1941, anangochita chidwi ndi tinjere tomata ngati chisoso timene tinakakamira pa zovala zake ndi pa ubweya wa galu wake. Anatiyang'ana pa maikulosikopu, n'kuona tingowe, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera Velcro, tinsalu tomatana timene timatsekera nsapato ndi zikwama. Nanga Spencer Silver wa ku kampani ya 3M? Mu 1968 anapanga guluu wosamata kwambiri, amene anakhala zaka osapezeredwa ntchito, mpaka mnzake Art Fry anamugwiritsa ntchito pa timapepala tosungira tsamba m'buku la nyimbo. Apa yankho ndilo linayamba kubwera, vuto n'kulipeza pambuyo. Ndiye ana ndiwapatse chiyani choyamba, guluu wosamatayo? Mwina ndiwapatsedi, ndione chimene achite naye. Komanso sindikudziwa ngati mayeso akadzafunsa chaka, ana anga adzakumbukira 1824 kapena adzangokumbukira katoni ndi achimwene a zaka 15 aja. Lachinayi ndiwafunsa mwadzidzidzi, kaya zikatha bwanji.