Kuyeza chithunzi chimene wina sangachione

Uzani anthu angapo atsinzine n'kuganizira khomo la nyumba imene anakuliramo. Onse adzakuuzani ngati chitseko chinali chamatabwa kapena chamalata, ndiponso mbali imene chinkatsegukira. Mukafunsitsa m'pamene amasiyana. Wina akuchiona ndi penti wake wosupuka, wina akungoona mbuu ngati m'nkhungu yam'mawa, ndipo nthawi zina pamapezeka mmodzi amene sakuona kanthu, mdima wokhawokha, chonsecho mayankho ake ngolondola. Kusaona zithunzi m'maganizo kotereku kumatchedwa aphantasia. Pa phunziroli, chimene chandigwira mtima kwambiri si dzinalo ayi, koma njira zimene akatswiri apeza zotsimikizira kuti munthu wonena kuti "sindikuona kanthu" akunena zoona.

Nkhaniyi njakale. Mu 1880, Francis Galton wa ku England anafunsa anthu kuti akumbukire tebulo limene anadyerapo m'mawa, ndipo anadabwa kumva anzake ena asayansi akukana kuti m'mutu mumaoneka chithunzi. Inadzayambiranso mu 2010 pamene Adam Zeman, dokotala wa ubongo, analemba za bambo wa zaka 65 amene m'malipoti amangotchedwa MX. Bamboyu ankaona zithunzi m'maganizo moyo wake wonse, koma zinazimiririka atachitidwa opaleshoni yotsegula mitsempha ya mtima. Nkhaniyo itafalitsidwa, anthu ena analembera Zeman kuti iwo ali choncho chibadwire. Mu 2015 gulu lake ku yunivesite ya Exeter linafotokoza za anthu 21 otere, n'kupereka dzina la aphantasia kuchokera ku mawu a Chigiriki.

Chida choyamba ndi mafunso otchedwa VVIQ, amene David Marks anakonza mu 1973. Muli zinthu 16 zogawidwa panayi: nkhope ya mbale kapena mnzako, dzuwa likutuluka, kumaso kwa sitolo imene umagulako, ndi malo a mitengo, mapiri ndi nyanja. Pa chilichonse umadzipatsa mapointi kuyambira 1 mpaka 5. Masiku ano 1 amatanthauza kuti palibe chithunzi, 5 kuti chikuoneka ngati ndi maso, choncho zonse pamodzi zimayambira 16 kulekeza 80. Apa pali msampha: Marks poyamba anaika manambalawo mozondoka, 1 kukhala chithunzi chowala kwambiri, ndiye powerenga malipoti akale muyambe mwaona mbali imene sikelo yayang'ana. Malire a mapointi osonyeza kuti munthu ali ndi aphantasia nawonso amasiyana. Ena amadula pa 23, ena pa 32, n'chifukwa chake chiwerengero cha anthu a aphantasia chimasinthasintha. Kafukufuku wa mu 2022 wa ku yunivesite ya Sussex anapeza pafupifupi anthu 4 pa 100 alionse, koma osaoneratu kanthu anali osakwana mmodzi pa 100.

Kufooka kwa mafunsowa n'koonekeratu. Munthu sanalowepo m'mutu mwa mnzake, ndiye 3 wa uyu akhoza kukhala 5 wa uyo. Pakufunika mboni ina, yosadalira pakamwa pa woyesedwayo.

Joel Pearson ndi anzake ku yunivesite ya New South Wales ku Sydney anaipeza m'maso momwemo. Diso lina amalionetsa mizere yofiira yopingasa, linalo mizere yobiriwira yoimirira, nthawi imodzi. Ubongo sungaphatikize ziwirizi, umangosankha chimodzi. Tsono asanazionetse, amauza munthuyo kuti aganizire chimodzi mwa izo kwa masekondi ochepa, kenako mizere ija imaoneka kwa nthawi yosakwana sekondi, iye n'kunena imene waona. Kwa munthu woona zithunzi m'maganizo, imene anaiganizira ndiyo imapambana kawirikawiri. Mu 2018, Rebecca Keogh ndi Pearson anapeza kuti kwa anthu a aphantasia zimangokhala pafupi ndi theka kwa theka, ngati kuponya khobidi m'mwamba.

Mayesowa ngosavuta kuononga. Anthu ambiri ali ndi diso limodzi lamphamvu kuposa linzake, ndipo mukapanda kuyamba mwalinganiza kuwala kwa mizere iwiriyo, diso lamphamvulo lizingopambana, kaya munthu waganizira chiyani. Chipinda chiyenera kukhala chamdima, chifukwa kuwala kwa pasikirini pa nthawi yoganizirayo kumafooketsa chithunzi cham'maganizo. Komanso pamafunika kuponyamo mayeso achinyengo, pamene maso onse awiri akuonetsedwa chithunzi chimodzi chosakaniza mitundu yonse iwiri. Amene akungoyankha zokondweretsa woyesa amagwidwa pamenepo.

Umboni umene ndimaupatsa ulemu kwambiri ndi wa kamwana ka m'diso, wa mu 2022. Kamwanaka kamachepa pakawala, kamakula mumdima, ndipo munthu sangakalamule. Ofufuza a ku Sydney omwewo anaonetsa anthu zojambula za makona atatu, zina zowala zina zakuda, kenako n'kuwauza kuti aziganizire zitachotsedwa. Kwa oona zithunzi, kamwanako kankachepa poganizira zowala, ngati kuti kuwalako kulipodi. Kwa anthu 18 a aphantasia sikanatero. Wina akhoza kunena kuti mwina sankayesetsa. Koma atauzidwa kuganizira zinthu zinayi m'malo mwa chimodzi, kamwana kawo kanakula, monga kamachitira munthu akamalimbana ndi ntchito yovuta m'mutu. Ankayesetsa ndithu, chithunzi n'chimene sichinkabwera. Khungu nalonso linachitira umboni mu 2021: powerenga nkhani zoopsa, anthu wamba ankatuluka kathukuta koyezeka ndi makina, a aphantasia ayi, koma ataonetsedwa zithunzi zoopsa zenizeni, onse anachita chimodzimodzi.

Za mkati mwa ubongo ndingotchula mwachidule. Mbali yoonera zinthu ili kunkhongo, mbali yolamula ndi kukonza zochita ili kumphumi. Poona ndi maso, uthenga umayambira kunkhongo kupita kutsogolo. Poganizira chithunzi, lamulo limachokera kutsogolo kubwerera kumbuyo. Pamene MX ankayesa kuganizira nkhope za anthu otchuka ali m'makina a fMRI, oonetsa mbali za ubongo zimene zikugwira ntchito, mbali zakumbuyo zinkagwira ntchito mochepa, zakutsogolo mopitirira. Maso ake analibe vuto.

Kwa ophunzira ndi aphunzitsi, phindu lalikulu lili m'kafukufuku wa Wilma Bainbridge wa mu 2021. Anthu anaonetsedwa zithunzi za zipinda zitatu, kenako n'kuzijambula kuchokera pamtima. A aphantasia anajambula katundu wochepa, mitundu yochepa, ndipo ankakonda kulemba mawu, monga "zenera" pamalo pa zenera. Koma zimene anakumbukirazo anaziika pamalo ake enieni, ndipo sankaonjezera kwambiri zinthu zimene munalibe. Atapatsidwa chithunzi kuti akopere akuchiona, anajambula ngati wina aliyense. Kudziwa pamene chinthu chili ndi kuona maonekedwe ake ndi ntchito ziwiri zosiyana mu ubongo. Choncho mwana wonena kuti sakuona kanthu mukamuuza kuti atsinzine aone mapu, musamuyese wamwano kapena waulesi. Mpatseni pepala ajambule, atchule mokweza kuti mtsinje uli kumadzulo kwa phiri, alembe mndandanda wa zigawo motsatana.

Kubadwa ndi aphantasia si matenda, ndipo ambiri mwa anthu otere amalota maloto okhala ndi zithunzi. Chosiyana ndi munthu amene ankaona bwinobwino, zithunzi n'kuzima mwadzidzidzi atakula, makamaka pambuyo povulala m'mutu, sitiroko kapena opaleshoni. Ameneyo akaonane ndi dokotala.