Tsiku limene ndinabweza chaka m'mbuyo

Laputopu yanga inachokera ku Joni itakulungidwa m'bulangete, mphatso ya alamu anga. Atandisankha kukhala mlembi wa banki m'khonde ya kwathu ku Chilinde, ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, chifukwa alembi ena ankalimbana ndi makope a sukulu pamene ine ngongole za anthu ndinkazilemba mu Excel. Alamuwo anali ataikamo pulogalamu yothamangitsa akazitape a pa intaneti, aja amaba mapasiwedi n'kumasuzumira zimene munthu ukulemba. Anailipirira chaka chimodzi. Za chaka chimodzicho sanandiuze.

M'mawa wina mu 2023 kachizindikiro kamene kankakhala kobiriwira kanafiira psuu. Uthenga wake unali wakuti nthawi yatha, mndandanda wa akazitape ndi wakalekale, ndidine pa update. Ndinadina. Kamzere kanayamba kukwawa ngati minibasi yofuna anthu, kanafika pakati, kanaima, kenako n'kundiuza kuti zakanika. Ndinadinanso, zomwezo. Pofika nthawi ya nkhomaliro bandulo ya sabata yathunthu inali itapita, kamzere kakadali pompaja.

Ndinaganiza kuti vuto ndi netiweki ya masana, ndiye ndinagula bandulo ya usiku. Cha m'ma 1 koloko ndinali pakhonde, laputopu pamiyendo, udzudzu ukuchita phwando pa akakolo. Kamera ndinali nditaimata kale ndi pulasitala wa pachilonda, poti ngati mlonda wagona ndiye kuti akazitape akundionera mpaka mkanda wa mphuno. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono.

"Bambo a ana, ndi ndani ameneyo wosagona ngati inu?"

"Palibe, ndikuthamangitsa akazitape."

"Kazitape wake ndi ine, ndipo ndakugwirani. Bweretsani kuno."

Anaunguza ponseponse, sanapeze mkazi aliyense koma kamzere kaja. Anandiyang'ana mwachisoni kuposa mmene akanachitira atapeza chibwenzi, nabwerera kukagona.

Nzeru zinachokera pabawo. Mnzanga wina, amene amadziwika kuti ndi katswiri chifukwa anagwirapo ntchito pamalo osindikizira mapepala, anati, "Achimwene, nkhani yaing'ono imeneyo. Pulogalamu imadziwa bwanji kuti chaka chatha? Imayang'ana kalendala. Inu bwezani deti m'mbuyo, iziona ngati idakali pa ukwati." Ndinaona kuti munthuyu sukulu inamutaya msanga. Nditafika kunyumba sindinabweze mwezi umodzi ayi. Ndinati ndidyeretu, n'kubweza zaka ziwiri zathunthu, kufika mu 2021.

Kachizindikiro sikanasinthe. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano ngakhale Facebook inakana kutseguka, Chrome n'kumandiuza mwaulemu kuti wotchi yanga yatsalira. Ine ndinati awa ndi akazitape omwe aja, aona kuti ndawatulukira. Katswiri uja anandibwereka fulashi yokhala ndi pulogalamu ina yaulere, ndinaiika pamwamba pa yakale ija. Apa ndiye ndinaitana mitala m'nyumba ya chipinda chimodzi. Iyi ikuti inzake ndi kazitape, inayo ikuti kazitape ndi iyi. Fani inkalira ngati chigayo cha dizilo, ndipo kutsegula fayilo imodzi unkatha kuthira madzi pamoto, kumwa tiyi, n'kubwera kudzapeza ikuganizabe.

Lamlungu masana linali tsiku lobweza ngongole. Za deti ndinali nditaiwaliratu. Tsamba langa la Excel limawerenga lokha masiku kuchokera pamene munthu anakongola kufika lero, n'kuikapo chiwongoladzanja. Koma lero la laputopu linali mu 2021, pamene anthu onsewo anakongola mu 2023. Ndinaimirira, ndinakonza kukhosi, n'kuyamba kuwerenga. Dzina loyamba linali la mayi wina wogulitsa mandasi, amene ngongole yake inkatisowetsa tulo tonse. Kutsogolo kwa chiwongoladzanja chake kunali kamzere ka kuchotsera.

"A mlembi, tanenaninso bwinobwino," anatero mayiwo. "Ndiye kuti gulu ndi limene lili ndi ngongole kwa ine?"

Nthungululu inamveka mpaka kumsewu. Ena anayamba kukankhana kuti aone maina awo, aliyense akupeza kuti ndi wolemera. Msungichuma anakumbatira kabokosi ka ndalama ngati mwana wodwala. Apampando anavala magalasi, anaweramira pakona ya sikirini, n'kufunsa mofatsa kwambiri, "A mlembi, kodi kwanuko chaka chino ndi chiti?"

Anandipulumutsa ndi mwana wanga wamkazi wa Fomu 3, amene masiku onsewa ndinkamuletsa kukhudza laputopu kuopa kuti angaiwononge. Madzulo ake anaitenga osapempha.

"Adadi, laisensi saisungira muno. Ili kukampani komweko. Mukadina update, iwo amayang'ana m'buku mwawo, n'kuona kuti simunalipire, n'kutseka chitseko. Mungabweze deti mpaka chaka chimene munabadwa, buku lawo silisintha."

Za Facebook anati masamba a pa intaneti ali ndi ziphaso zokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye kompyuta yokhala mu 2021 ikaona chiphaso cha 2023 imati n'chabodza. Anakonza deti, anachotsa akazi awiri a mitala aja mmodzimmodzi, n'kuzimitsa laputopu n'kuiyatsanso. Pakona panatulukira kachishango kena kamene sindinkakadziwa. Anati ndi Windows Defender, imabwera kale mu Windows 10, siilipiridwa, imangokhala phee ikaona kuti pakhomo pali mlonda wina. Update yake inatha ndisanamalize n'komwe kufotokoza kuti nanenso maganizo amenewo ndinali nawo. Pulasitala yekha anati ndimusiye, ameneyo sanalakwe.

Gulu linandilipitsa chindapusa cha kusokoneza msonkhano, ndipo linagamula kuti pambali pa laputopu pazikhala kope, lolembedwa ndi munthu wina. Mayi wa mandasi uja ngongole anabweza yonse ndi chiwongoladzanja chake, koma mpaka lero ndikamadutsa pamsika amandikuwira anthu ali gwaa, "A mlembi! Mwezi uno zavuta, simungatibwezereko chaka?"